Fupa la M'dambo la ku Brampton

Bwanali Sumaili anali atayendetsa katapila kwa zaka zambiri, kuyambira m'misewu ya ku Mangochi mpaka kudzafika ku Brampton, m'dziko la Canada, moti kusintha kwa dothi ankakumvera m'manja ngakhale atakhala m'mwamba m'kachipinda kake ka magalasi. Mmawa wina mu Okutobala ankakumba dziwe losungira madzi a mvula kuseri kwa chinyumba chosungiramo katundu chimene kampani yawo inkamanga kumpoto kwa mzindawo. Dongo lotuwa linatha, mano a chidebe cha katapila analowa m'dothi lakuda, lofewa, lonunkha dambo. Atatukula chidebecho n'kukhuthula pambali, anaona chinthu chachitali, chofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, chikugubuduzika pamulu.

Anazimitsa injini n'kutsika.

Linali fupa, lothyoka pakati. Pafupi pake panali zidutswa zina zamatopematope. Bwanali sanazikhudze. Anangoimika mwendo wake pambali pa fupalo n'kuyerekeza ndi maso, ndipo linaoneka ngati la mwendo wa munthu. Ku mzikiti wa ku Brampton iye anali mmodzi wa amuna amene amaitanidwa kukasambitsa maliro ndi kukatsikira m'manda. Ntchitoyi anaiphunzira kwa bambo ake ku Namwera, amene ankaletsa ngakhale kudutsa m'mphepete mwa manda ukuyankhula mokweza.

Tony, kapitawo wa pamalopo, anabwera akupukusa mutu. Anali munthu wamkulu thupi, wosachedwa kupsa mtima koma wosasunga mangawa.

"Kuno kunali mafamu, Ben," anatero m'Chingerezi, pomutchula dzina limene anamupatsa yekha. "Imeneyo ndi ng'ombe."

"Ng'ombe yokwiriridwa pansi chonchi?" Bwanali anafunsa.

Tony anasuzumira m'dzenjemo. Linali lakuya kuposa anthu awiri atakwerana pamapewa. Anatukwana chapansipansi, kenako anatulutsa foni n'kuimbira apolisi. Pofika masana malowo anali atazingidwa ndi chingwe chachikasu, ndipo onse ogwira ntchito mbali imeneyo anauzidwa kuti apite kwawo mpaka adzaitanidwe. Anzake ena pokwera magalimoto awo sanamutsanzike.

Mawa lake Tony anaimba foni ali pamsewu, mawu ake akudukaduka.

"Apolisi achoka. Akuti si nkhani yawo, n'zakale kwambiri. Apezaponso mwala wosemedwa ngati mpeni. Kukubwera akatswiri a zinthu zakale pamodzi ndi anthu a First Nations. Ndikuuza zikayera."

Foni inaduka Bwanali asanafunse chilichonse. Iye zimene anatolapo n'zakuti anafukula manda a eni nthaka, anthu amene analipo azungu asanabwere, ndipo abale awo anali m'njira kudzaona zimene mlendo wochokera ku Africa wachita. Masiku otsatira ankangokhala pampando wa pawindo m'nyumba yawo ya pansi, akuyang'ana matayala a magalimoto odutsa. Popemphera ankapempha chikhululuko kwa munthu amene dzina lake sankalidziwa.

Mkazi wake Amna, amene ankagwira ntchito yosamalira okalamba ku Mississauga, anamulekerera kwa kanthawi. Tsiku limene Tony anatumiza uthenga woti akatswiri aja akufuna woyendetsa katapila, Bwanali n'kunena kuti apeze wina, Amna anavula nsapato zake za kuntchito n'kukhala moyang'anizana naye.

"Bambo a Zuhura, munakumba dala?"

"Ayi."

"Munabisa?"

"Ayi. Koma ndinathyola. Ndinamva m'manja mwangamu."

"Ndiye mukuti akathyolenso wina, amene sasamala n'komwe? Ngati ndi munthu, akufunika omudziwa kugwira. Pitani mukawaone m'maso abale akewo, mukawapepese pakamwa, osati pawindo pano."

Anapita. Kunali kutagwa chisanu cha mmawa, udzu utayera mbee. Pamalo paja panali patasintha: anali atamanga tenti yoyera m'mphepete mwa dzenje, ndipo anthu ovala majombo ankayenda pamatabwa atanyamula zidebe. Akuyang'ana uku ndi uku kuti ayambire kwa ndani, mayi wina wamfupi, wa magalasi, anaima patsogolo pake n'kuwerenga dzina lolembedwa pa chisoti chake.

"Che Bwanali? Mwadzuka bwanji, achimwene?"

Bwanali anadzidzimuka, chifukwa pamalo a ntchito anali asanamvepo chinenero chakwawo.

"Ndadzuka. Kaya inu, achemwali?"

"Ndadzuka. Ine ndine Mirriam Kachingwe, wa ku Zomba. Mayi a Zuhura timadziwana, tinaphikira limodzi pa chikondwerero cha pa 6 Julaye. Ndimagwira ntchito ku yunivesite, m'tauni. Ntchito yanga ndi matope." Anaseka pang'ono, koma ataona nkhope ya Bwanali anasiya. "Mukudwala?"

"Ndabwera kudzapepesa kwa eni maliro. Mundionetse amene ndingayankhule nawo."

Mirriam anamuyang'ana kwakanthawi. "Palibe amene anakuuzani? Tiyeni kuno."

M'tenti muja munali tebulo lalitali, ndipo fupa lija linali litagonekedwa pansalu yonyowa, zidutswa zake zitandandalikidwa mwadongosolo. Mirriam anavala magolovesi n'kulozera kumapeto kwake.

"Taonani apa. Fupali likuthera ndi timitu tiwiri, tonga timawilo. Munthu alibe fupa lotere paliponse m'thupi mwake. Pa timitu timeneti m'pamene pamalumikizika ziboda. Munasendapo mbuzi pa Idi, eti?"

Bwanali anawerama. Matope atachotsedwa, chinthucho chinali chodziwika ngati chikhatho chake. Anali ataona mapazi a mbuzi ndi a ng'ombe osawerengeka m'moyo wake.

"Ndi nyama," anatero motsitsa mawu.

"Ndi nyama. Amaitcha karibu. Ili ngati mphalapala, koma ya kumadera ozizira kwambiri. Masiku ano kuti muione muyenera kupita kutali kumpoto."

Bwanali anachoka patebulopo. Anakhala pa chidebe chovundikira chimene chinali pafupi, anavula chisoti n'kuchiika pamaondo. "Alhamdulillah," anatero, n'kubwerezanso. Mirriam sanamufulumize. Anamuthirira tiyi wa mufulasiki yake m'kapu ya pepala, n'kumayang'ana kumbali mpaka mpweya wake utabwerera m'malo.

"Nanga mwala uja? Nanga eni nthaka abweranji?"

"Chifukwa anthu analipo ndithu pano. Kungoti sanadzaike maliro. Zikuoneka kuti anadzasenda nyama." Anatembenuza chidutswa china. "Apa pothyoka poyera, m'pamene munathyola inu sabata yatha. Koma apa poderapa, pozungulira ngati pamene pasweka botolo, anathyola anzanu akalekale fupa likadali laliwisi, kuti adye mafuta a m'kati. Timizere iti ndi ta mpeni wa mwala."

"Ndiye ine ndangothyola chothyokathyoka."

"Mwawonjezera pang'ono. Tikukhululukirani."

Bwanali anaseka koyamba chiyambire nkhaniyi, koma kusekako sikunakhalitse. "Nanga pansipo? Mukudziwa bwanji kuti palibe munthu?"

"Sindikudziwa," Mirriam anayankha. "Sindingakunamizeni. Tidziwa tikamaliza. N'chifukwa chake tikufuna munthu woti azichotsa dothi la pamwamba pang'onopang'ono, ife tiziyang'ana."

Asanayambe, bambo wina wa imvi zomanga kumbuyo, dzina lake Matthew, amene anatumidwa ndi eni nthaka anzake kuti aziyang'anira kukumbako, anaima m'mphepete mwa dzenje, anayankhula mawu ochepa m'chinenero chake n'kuwaza fodya pansi. Atamaliza, Bwanali anamuyandikira, chisoti chili m'manja, n'kumuuza kuti ndi iye amene anafukula, ndipo ngati analakwira wina aliyense akupepesa.

"Ndamva kuti munazimitsa injini," Matthew anatero. "Si onse amene amazimitsa."

"Tikapeza munthu titani?"

"Tiima, n'kumusamalira. Zinachitikapo kwina. Inu ingomaniyang'anani dzanja. Ndikakweza, imani."

Anamumangirira chidebe china, chopanda mano. Bwanali anatchula dzina la Mulungu n'kuyamba kupala. Inali ntchito yachilendo kwa munthu wozolowera kudzaza malole: ankachotsa dothi lochindikala ngati chikhatho, n'kuima, anthu n'kutsika ndi timafosholo tawo, n'kukweranso. Maso ake sankachoka pa dzanja la Matthew. Dzanjalo linakwera kangapo, ndipo ulendo uliwonse Bwanali ankaima. Ulendo wina chinali chipika cha mtengo chimene makungwa ake anali asanaole. Ulendo wina inali nyanga ya karibu. Ulendo winanso tinali timiyala takuthwa tosweka posema mpeni, titaunjikana pamalo amodzi ngati pamene munthu anakhala pansi n'kumagoba.

Mirriam yekha mafupa sankawalabadira kwenikweni. Iye ankakhomera mapaipi m'khoma la dzenje n'kuwazula atadzaza matope, n'kuwakulunga ngati makanda. Matope ena ankawasefa ndi madzi pa sefa ya waya, zala zitachita dzanzi, n'kumatola tinthu takuda timene kwa Bwanali tinkangooneka ngati zinyalala za pa tiyi.

Masamba a mitengo anayoyoka onse, mphepo inayamba kuluma makutu. Tsiku lina chidebe chinafika pa dongo lolimba, lotuwa, losakanikirana ndi miyala, kuyambira mbali imodzi ya dzenje mpaka inzake. Mirriam anatsika, analikanda ndi kafosholo, n'kuyang'ana Matthew. Matthew anagwedeza mutu n'kupita kukagogoda pagalasi la katapila.

"Tafika pansi. Dongo ili linasiyidwa ndi madzi oundana amene anakuta dziko lino kalekale, pansi pake sipangakhale za munthu. Palibe amene wagona pano."

Bwanali anatsamira kumbuyo pampando wake n'kutseka maso. Anamva mapewa ake akutsika, ngati munthu amene watula thumba la simenti. Madzulo ake anaimbira mkulu wake ku Namwera n'kumufotokozera nkhani yonse kuyambira pachiyambi, akuseka m'malo amene poyamba sakanatha n'kuwatchula. Tony anasunthira dziwe chakum'mawa pang'ono monga analamulira a mapulani, ntchito inayambiranso, ndipo anzake aja anayamba kumuitana kuti Pulofesa.

Mu Malichi, chipale chofewa chikusungunuka m'mphepete mwa misewu, Mirriam anaimbira Amna kuti zotsatira zabwera, ndipo ngati a Bwanali akufuna kuona zimene anakumba, abwere Loweruka. Bwanali ndi Amna anakwera sitima mpaka ku siteshoni ya Union, n'kulowa ina ya pansi pa nthaka. Bwanali anavala jekete yake ya ku maukwati. Labotale ya Mirriam inali m'chipinda chopanda mawindo, chozizira ngati mosungira nyama. Patebulo panali paipi imodzi mwa mapaipi aja, yong'ambidwa pakati m'litali mwake, matope ake akuonetsa mizeremizere: yotuwa pansi, yoderako pakati, yakuda bii pamwamba.

"Dambo silitaya kanthu," Mirriam anatero. "Chilichonse chogweramo chimamira, matope n'kuchiphimba, mpweya osachifikira. Chaka chinzake china n'kugwera pamwamba pake. Ndiye tikamatsika ndi paipiyi, tikubwerera m'mbuyo."

"Mpaka liti?" Amna anafunsa.

"Tinatumiza timasamba ta mtengo ndi kachidutswa ka fupa kwa anzathu oyeza zaka. Pamene panali fupa la achimwenewa, papita zaka pafupifupi zikwi khumi ndi ziwiri ndi theka."

Amna anayang'ana mwamuna wake. "Ndiye munkafuna kukapepesa kwa ndani?"

Mirriam anamukhazika Bwanali pa maikulosikopu, makina okulitsa tinthu ting'onoting'ono, n'kumuonetsa pozungulitsa. Poyamba anangoona nsidze zake zomwe. Kenako munayera, ndipo munaoneka tinthu tachikasu, tina tozungulira, tina tokhala ndi timatumba tiwiri m'mbali ngati makutu.

"Umenewo ndi mungu, ufa wa maluwa, ngati uja umayoyoka ku ngayaye za chimanga. Chomera chilichonse chili ndi mungu wa maonekedwe akeake, ndipo khungu lake siliola msanga. Wa makutuwo ndi wa sipulusi, mtengo wonga paini. Ine ndimakhala pano kuuwerenga, kambewu kamodzikamodzi, mpaka maso kuwawa. Ndikapeza kuti wambiri ndi wa udzu wa m'dambo wonga mlulu, wa mitengo n'kukhala wochepa, ndimadziwa kuti dziko linali lambee, mitengo ili patalipatali."

Anasintha kagalasi. Tsopano munaoneka chinthu chobiriwira, chonyezimira ngati chitsulo, cha timizere tosalala.

"Phiko la chikumbu. Lija ndinkasefa zala zitauma. Zikumbu n'zosankha malo: mtundu uwu masiku ano umapezeka kumpoto kokha, kumene mitengo imathera. Kuno sungakhale, kumautenthera. Tikasonkhanitsa mitundu yonse imene tapeza pamzere umodzi n'kufunsa kuti lero imakhalira limodzi kuti, timadziwa mmene kunkazizirira. Julaye wawo, mwezi wotentha kwambiri kuno, anali ngati kumapeto kwa Seputembala wathu, pamene kumayamba kuzizira."

"Nanga Januwale?" Amna anafunsa, akukoka mpango wake.

"Musafunse, amayi."

Anawaonetsa tizigoba ta nkhono za m'madzi osaya, ozizira, ndi njere za zomera za m'dziwe. Anawaonetsa timadontho takuda timene anati ndi mbewu za kabowa komera pa ndowe pokha. Pamzere wa fupa lija tinali tambirimbiri, kutanthauza kuti nyama zikuluzikulu zinkabwera kudzamwa pamenepo mwaunyinji. M'kabotolo kena munali timitengo tadukaduka, totafunidwa kumapeto.

"Iti ndikuganiza kuti tinadutsa m'mimba mwa njovu. Kunali njovu zaubweya kuno, zinkadya nsonga za sipulusi. Koma sindinatsimikize, ndatumiza kwa wina wodziwa bwino kuti aone."

"Njovu ku Brampton," Amna anatero. "Pamene ndimadikira basi paja."

Bwanali anayang'anitsitsa paipi ija. Kenako anapempha kuti amufotokozere zonse pamodzi, osati chimodzichimodzi, ngati kuti waima pamene panali katapila wake.

Mirriam anavula magalasi n'kuwapukuta. "Chabwino. Mwaima pa kachitunda ka miyala. Madzi oundana, amene anakuta dziko lonseli kuchindikala kuposa nyumba zitalizitali za m'tauni muno, abwerera kumpoto, koma mphepo yake ikukupezanibe. Patsogolo panu pali dziwe losaya, m'mphepete mwake muli udzu ndi tizitsamba tofika m'maondo. Mitengo ya sipulusi ili m'timagulu, m'malo obisika ku mphepo. Pansi pali matope opondedwapondedwa ndi ndowe. Gulu la karibu latsikira kumadzi, ndipo anthu ochepa, mwina banja limodzi kapena awiri, akhala akulidikira. Apha imodzi, kapena zingapo, ife tapeza ya imodzi. Wina wakhala pansi akunola mpeni wake. Aswa mafupa a miyendo, adya mafuta, zotsala aponya m'madzi."

"Anakoleza moto?"

"Makala alipo, koma ochepa. Akhoza kukhala a moto wawo, akhozanso kukhala a moto wa mphezi umene unabwera ndi mphepo. Ndikanakonda ndikanati ndi wawo, koma sindinganene."

"Ana anali nawo?"

"Matope sananene zimenezo."

Bwanali anagwedeza mutu. Yankholo linamukhutiritsa kuposa mmene akanakhutira akanamuuza zonse. Mirriam anayendetsa chala m'paipi muja kupita m'mwamba, akuonetsa pamene sipulusi anachepa, paini n'kuchuluka, pamene kunafunda n'kubwera mitengo ya masamba aakulu, pamene dziwe linauma n'kusanduka dambo, mpaka pamwamba penipeni pamene panali mungu wa chimanga ndi wa udzu wa m'minda ya azungu. Zonsezo zinakwana m'paipi yosatalika kuposa tebulo.

"Matthew ndinamutumizira zonsezi dzana," Mirriam anatero akuvundikira paipiyo. "Mafupa ndi miyala zikatha kuyezedwa, anthu akwawo ndi amene anene kokazisunga. Wati ndikupatseni moni."

Amna anatulutsa m'chikwama chake kontena ya zitumbuwa imene anabweretsa, koma Mirriam anawakankhira kunja msangamsanga, akuti ufa wa chimanga ukalowa m'chipindamo anthu adzalemba kuti ku Canada kunali minda nthawi ya madzi oundana. Anakadyera pakhonde, ataimirira pafupi ndi makina ogulitsa khofi, akukamba za mtengo wa matikiti a ndege ndi za amene akwatira chaka chino.

Pobwerera, sitima inali yopanda anthu ambiri. Amna anatsamira pa phewa la mwamuna wake, ndipo asanatuluke n'komwe m'tauni anali atagona. Bwanali anayang'ana pawindo. Kunkadutsa mipanda ya waya, malole oimikidwa m'mizere, zinyumba za katundu zotuwa zofanana zonse. Anayesa kuzichotsa chimodzichimodzi m'maganizo mwake n'kuikapo udzu, timagulu ta mitengo ndi madzi osaya. Zinkatheka kwa kanthawi, kenako ndege yotsikira ku bwalo la Pearson inkadutsa n'kumusokoneza, iye n'kuyambiranso. Sitima itayamba kuchepetsa liwiro, anagwedeza Amna pang'onopang'ono.

"Mayi a Zuhura, dzukani. Tafika."